Sitepe imodzi ya pakati pa sitima ndi boti: malangizo kwa ovutika kuyenda ndi achizungulire

Pa ulendo wonse wa sitima yapamadzi ya alendo, malo amene ine ndimawaopa kwambiri ndi aang'ono zedi. Ndi kampata kosakwana theka la mita, pakati pa nsanja ya sitima ndi khomo la boti lotengera anthu kumtunda. Sitima imakhala itaima nji ngati nyumba. Boti ndiye silikhazikika: limakwera, limatsika, limatalikira pang'ono, kenako limabwera kudzagunda nsanja. Munthu wa miyendo yabwino amangodutsa osaganizako n'komwe. Koma kwa amene anadwalapo sitiroko, amene anachitidwa opareshoni ya bondo kapena ya m'chiuno, amene mapazi anachita dzanzi chifukwa cha shuga, kapena amene amavutika ndi chizungulire, tsiku lonse limagona pa sitepe imodzi imeneyo.

Ndayendapo kangapo ndi mayi anga, amene mwendo ndi mkono wamanzere zinafooka atadwala sitiroko, ndipo amayendera ndodo. Zambiri zimene ndalemba pano ndinaziphunzira ndili chilili pa nsanjapo, mtima uli m'mwamba.

Si doko lililonse limene sitima yaikulu ingafike n'kukocheza. Kwina madzi ndi osaya, kwina pansi pa nyanja pali miyala, kwina pokocheza palipo koma sitima ina yafika kale. Zikatero sitima imaponya nangula patali ndi gombe, anthu n'kumapita kumtunda pa maboti amene m'sitimamo amawatcha tender. Nthawi zambiri ndi omwe aja opulumutsira anthu pa ngozi, amene amalendewera m'mbali mwa sitima, ndipo limodzi limanyamula anthu 100 mpaka 150. M'madoko ena, monga George Town ku Grand Cayman, Belize City ndi Santorini, amabwera ndi maboti a eni doko. Kusiyanaku musakupeputse. Boti la sitima linapangidwa molingana ndi nsanja yake, pamene la eni doko likhoza kukhala lalitali kapena lalifupi kuposa nsanja, ndipo a kampani ya sitima sangakulonjezeni mmene lidzakhalire.

1. Musanalipire, werengani madoko

Pa ndondomeko ya ulendo, doko lofikako pa boti amaliika kachizindikiro ka nangula kapena mawu akuti tender port. Kachizindikiroko kamakhala kakang'ono, ndipo anthu ambiri amakaona atalipira kale. Inu yambani mwakafufuza. Madoko odziwika ndi zimenezi ndi monga George Town, Belize City, Cabo San Lucas ku Mexico, Kona ku Hawaii, Cannes ndi Villefranche ku France, Portofino ku Italy, Santorini ku Greece, St Peter Port ku Guernsey, Bora Bora, ndi Portuguese Island ku Mozambique kwa sitima zonyamukira ku Durban. Ngati pa madoko 6 a ulendowo anayi ali otere, ndipo inu simuyenda popanda chogwirira, funani ulendo wina wodutsa malo ngati Barcelona, Nassau, Cozumel kapena Cape Town, kumene sitima imakocheza n'kutsitsa mlatho. Dziwaninso kuti doko lolembedwa kuti mudzakocheza likhoza kusintha tsiku lomwelo. Ku Kotor ku Montenegro ndi ku Mykonos ku Greece zimachitika: pokocheza pakadzaza, sitima zina zimaima kutali.

Kenako imbani foni ku ofesi ya kampani yoona za apaulendo ofuna chithandizo, mupemphe fomu yawo. Lembani zoona zokhazokha. Ndaonapo anthu akubisa kuti amayendera ndodo poopa kuti awakaniza ulendo, koma kubisako sikuchepetsa mpata uja, kumangochititsa kuti othandiza asakonzeke. Ngati mukukwerera pa doko la m'maiko a European Union, lamulo lawo la nambala 1177 la chaka cha 2010 limati mudziwitse kampani kutatsala maola 48 kuti mudzafuna chithandizo. Lamulo lomwelo limalolanso kampani kukana ngati pali chiopsezo cha ngozi. Ine ndingati musadikire maola 48 amenewo, auzeni tsiku lomwe mukulipira.

Pa foniyo musangofunsa kuti "kodi munthu wa ndodo angakwere boti?" chifukwa adzakuyankhani kuti zimatengera nyengo, ndipo mudzakhala simunamve kanthu. Funsani za sitima yeniyeni imene mukwereyo, poitchula dzina. Kodi chikepe chimafika mpaka pa nsanja yokwerera boti, kapena pali masitepe? Ngati alipo, ndi angati, nanga chogwirira chili mbali zonse ziwiri? M'sitima zambiri chikepe chimathera nsanjika yapamwamba pake, ndipo kuchoka apo mumatsika masitepe achitsulo, ophedukira, amene kawirikawiri amakhala onyowa. Funsaninso ngati chikuku chingalowe m'boti munthu ali momwemo, kapena mwini wake ayenera kudzuka n'kudutsa ndi miyendo yake.

Mayankho amasiyana kwambiri. Makampani a P&O Cruises ndi Cunard amayesa munthu: adutse mpata wa masentimita 45 payekha, popanda womugwira, asanaloledwe kupita ku boti. Chikuku kapena sikuta ya batire amafuna kuti mwini wake kapena womuperekeza aimasule yekha, ndipo chidutswa chilichonse chisapose makilogalamu 20. Holland America ili ndi makina okwezera chikuku m'boti pa sitima zake zambiri. Sitima ya Celebrity Edge, imene inayamba kuyenda mu 2018, ili ndi nsanja yaikulu yoyenda m'mbali mwa sitima yotchedwa Magic Carpet, imene amaitsitsa pafupi ndi madzi kuti anthu akwererepo maboti. Makampani ambiri salola antchito awo kunyamula munthu ali m'chikuku, ndipo sindiwaimba mlandu: anthu anayi atanyamula chikuku pamwamba pa mpata wogwedezeka ndi ngozi ya anthu asanu. Malamulowa amasintha, choncho zimene akuuzani pa foni pemphani kuti akulembereni pa imelo.

Funso lomaliza ndi la tsidya linalo. Kutsika m'boti si kufika. Ku Santorini boti limakusiyani m'munsi mwa phompho, ndipo kuti mukafike ku tauni ya Fira pali ngolo yoyenda pa chingwe kapena masitepe pafupifupi 600. Ogula ulendo wa kumtunda wokonzedwa ndi sitima nthawi zambiri amawatsitsira ku doko la Athinios, kumene mabasi amafika. Kwa munthu wa ndodo, kusiyana kumeneko n'kokwanira kusankhira ulendo wa sitimawo ngakhale uli wokwera mtengo.

2. Yesezani mpata uja nthawi idakalipo

Tengani tepi yomata, mumate pansi mizere iwiri yotalikirana masentimita 45. Imani kuseri kwa mzere woyamba, munthu wina ali pambali panu, mudutse mizere yonse iwiri ndi sitepe imodzi osaponda pakati. Tembenukani, mubwerere. Chitani zimenezi pafupi ndi khoma kapena tebulo lolimba, osati muli nokha. Mukaona kuti ngakhale pamalo osagwedezeka phazi lakumbuyo mukuchita kulikoka, kapena mukudzandira mukafika tsidya, mwadziwa msanga, ndipo nthawi yolimbitsa thupi ilipo. Dokotala wa mafizo angakupatseni zolimbitsa ntchafu ndi akakolo za milungu ingapo. Muuzeni chenicheni chimene mukukonzekera, kuti ndi mpata womwe tsidya lake limakwera ndi kutsika.

Lamulo la pa masitepe limagwiranso ntchito pano. Pokwera, tsogozani mwendo wamphamvu. Potsika, tsogozani wofooka. Popita kumtunda nthawi zambiri mudzakhala mukutsikira m'boti, pobwerera mukukwera pa nsanja. Yesezani mpaka miyendo izolowere yokha, chifukwa pa nsanjapo, injini ikulira ndipo anthu ali pamzere kumbuyo kwanu, simudzakumbukira kuti uyambe ndi uti.

Kambiranani ndi dokotala za mankhwala a nseru ya panyanja. Meclizine, dimenhydrinate ndi kachigamba ka scopolamine komata kuseri kwa khutu zimathandizadi, koma zimabweretsa tulo, zina zimachititsa maso kuona mwachimbuuzi, ndipo kwa achikulire zikhoza kusokoneza mutu. Munthu amene amadzandira kale safunika kuwonjezera zoterezi mwachisawawa. Amene ali ndi nthenda ya maso ya glaucoma kapena amavutika pokodza asamate kachigambako asanafunse. Odwala nthenda yonjenjemera ya Parkinson amadziwa okha maola amene mankhwala awo amakhala akugwira bwino, ndipo ulendo wa boti uzigwera m'maola amenewo.

3. Tsiku loyamba m'sitima

Pitani pa desiki ya alendo, munene kuti mudzafuna chithandizo pa madoko a boti, ndipo mufunse komwe anthu otero amakumana. Pemphani kuti wina akuonetseni njira ya ku nsanja, muone masitepewo ndi maso anu. Ngati sitimayo imayesa anthu, funsani kuti amayesa liti. Basi, zotsalazo ndi za tsikulo.

4. M'mawa wa tsikulo, yambani mwaona nyanja

Musanavale n'komwe, pitani panja pamwamba pa nsanja ija, muyang'ane maboti awiri kapena atatu akukocheza. Osangoyang'ana nyanja patali. Ikhoza kuoneka yabata, yopanda thovu, koma mukuyenda mafunde aatali ochokera kutali, ndipo amenewa ndiwo amanyamula boti n'kuligwetsa. Yang'anani khomo la boti poyerekeza ndi nsanja. Likamasuntha pang'ono, kosaposa kutalika kwa chikhatho, zili bwino. Likamatsika mpaka kufika m'mawondo a munthu woima pa nsanja, ganizani kawiri. Onaninso anthu: mukaona achinyamata amphamvu akuchita kukokedwa ndi amalinyero awiri, mwaona zokwanira. Kaputeni amatembenuza sitima kuti itchinge mphepo kumbali ya maboti, koma mafunde aatali aja satchingika kwenikweni.

M'sitima zambiri amagawa matikiti a manambala, ndipo ogula maulendo a sitima amayamba ndiwo. Maola oyambirira kumakhala kukankhana m'makonde ndi pa masitepe. Ngati simunagule ulendo wa nthawi yoikika, asiyeni apite. Pakati pa m'mawa amalengeza kuti matikiti sakufunikanso, mzere umatha, ndipo amalinyero amakhala ndi mpata wokuthandizani mosathamanga. Koma musachedwenso kwambiri, chifukwa m'magombe ambiri mphepo imakula masana.

Valani nsapato zotseka, zomanga bwino, za mphira kunsi. Masilipasi ndi nsapato zazitali zidendene zisiyeni m'chipinda. Chovala chachitali chofika m'mapazi chimakola phazi pa nthawi yoipitsitsa. Katundu yense alowe m'chikwama chobereka kumsana, kapena apatsidwe womuperekeza, kuti manja onse awiri akhale opanda kanthu. Khadi la sitima mudzalionetsa potuluka, ndiye mukangolionetsa libwezereni m'thumba. Foni nayo ilowe m'thumba musanatsike masitepe.

Magalasi ndi nkhani imene ambiri saiganizira. Aja owerengera kunsi ndi kuonera kutali kumwamba amanamiza maso mukayang'ana pansi, sitepe imaoneka ngati ili pafupi kapena patali. Ngati muli ndi ena oonera kutali okha, valani amenewo. Magalasi akuda vulani, chifukwa m'boti mumakhala mdima poyerekeza ndi panja.

Idyani pang'ono, imwani madzi, mowa ayi. Pitani kuchimbudzi musananyamuke, musadalire kuti m'boti chilimo. Ndipo m'chikwama muikemo mankhwala okwanira tsiku lonse ndi usiku wake. Nyanja ikawinduka anthu ali kumtunda, maboti amaimitsidwa, ndipo kudikira kumatha kutenga maola ambiri.

5. Pa nsanja

Apa ndiye pagona nkhani.

Tsikani masitepe mutagwira chitsulo, phazi limodzi litsike, linzake lilipeze, kenako mupitirire. Kumbuyo kwanu kukakhala anthu othamanga, imani pambali muwauze adutse. Mukafika pansi, musayandikire m'mphepete mpaka atakuitanani.

Pa khomo la boti pamakhala amalinyero awiri kapena kuposa, wina pa nsanja, wina m'boti. Lankhulani nawo musanatambasule dzanja. Lozani mwendo wofooka. Ngati mkono wina ndi wofooka, kapena phewa linavulalapo, auzeni momveka kuti asaukoke, akugwireni kumbali inayo kapena m'chiuno. Phewa la mkono umene unafooka ndi sitiroko limaguluka msanga likakokedwa mwadzidzidzi, ndipo mnyamata amene wathandiza anthu mazana m'mawa umenewo sangadziwe ngati simunena. M'sitima zambiri amalankhula Chingerezi, ndipo mawu ofunika kumva ndi awiri okha, wait (dikirani) ndi now (tsopano). Ngati makutu sakumva bwino, auzeni kuti akufinyeni mkono nthawi ikakwana, popeza injini imasokosa.

Ndodo iperekeni. Ndikudziwa kuti n'zovuta, mayi anga ankaikakamira ngati mwana, koma ndodo pa mpata uja ilibe poponda. Imaterera pa chitsulo chonyowa, imalowa mumpata, ndipo imakutsekerani dzanja limene likanagwira munthu. Iperekeni ilowe m'boti, mukaipeza tsidya. Choyendera cha mateyala nacho chipindidwe, chitsogole.

Kagwiridwe kake n'kosiyana ndi kopatsana moni. Gwirani mkono wa malinyero pamwamba pa mfundo ya dzanja, iyenso agwire wanu chimodzimodzi. Zikhatho zonyowa zimapulumuka, koma mukagwirana chonchi, ngakhale zala zanu zitafooka iye amakhala akadakugwirani. Ndi mmenenso amagwirira anthu pokwera maboti a mphira ku Antarctica.

Tsopano dikirani. Boti limakwera, likafika pamwamba limaima kamphindi lisanayambe kutsika. Kamphindi kameneko ndiko kanu. Mafunde amabwera m'magulu, akulu awiri kapena atatu, kenako kumachita bata pang'ono, ndipo amalinyero amawerenga zimenezi tsiku lonse. Musasankhe nokha nthawi. Akati dikirani, dikirani ngakhale zikuoneka ngati mpata watsekeka. Maso akhale pamalo amene phazi likaponde, mkati mwa boti, osati pa madzi a mumpata. Akati tsopano, pondani sitepe yaitali, phazi lonse lilowe mkati, ndipo linzake litsate nthawi yomweyo. Musaponde pa mlomo wa boti kapena pa mphira wa m'mbali. Musagwire m'mphepete mwa khomo kunja, chifukwa boti likagunda nsanja zala zimaphwanyika. Weramitsani mutu, makomo ambiri ndi aafupi.

Choopsa kwambiri ndi kuima pakati, phazi lina pa nsanja lina m'boti. Mu 2015 ku Sihanoukville, m'dziko la Cambodia, mayi wina wachikulire anagwera pakati pa boti ndi nsanja ya sitima akubwerera kuchokera kumtunda, ndipo anamwalira. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni, koma kuti mudziwe chifukwa chake amalinyero amaoneka aukali pa malo amenewa.

Ife zinatsala pang'ono kutichitikira. Tsiku lina mayi anaponya phazi bwinobwino, kenako anaima. Boti linayamba kutsika, miyendo yawo n'kumatalikirana. Mnyamata amene anawagwira kumanja sanadikire, anawakokera kumbuyo mwamphamvu mpaka onse awiri anatsamira chitsulo. Atapuma anandiuza kuti, "Mwana wanga, ndinaona madzi akuda pansipo, mwendo unangokana." Anawakhazika pa mpando, anthu ena khumi anadutsa, iwo akuyang'ana mmene boti likukwerera. Ulendo wachiwiri mnyamata uja anaika phazi lake mkati mwa boti n'kunena kuti, "Mama, yang'anani nsapato yangayi." Anayang'ana nsapatoyo, nadutsa. Chiyambire tsikulo, ndimalowa ineyo poyamba n'kuika phazi pamalo oti ayang'ane.

Inu operekeza, ntchito yanu si kugwira. Mukagwira mkono wa wodwala wanu, mwalanda malo a munthu amene akudziwa boti, ndipo akaterereka mugwa nonse. Tengani zikwama ndi ndodo, lowani poyamba, imani mkati pamene akuonani koma osatseka khomo. Mukakhala awiri, wina atsogole wina atsalire kumbuyo. Ndipo khalani chete. Mawu oti "tiyeni, tiyeni" ochokera kwa mwana kapena mwamuna wake amasokoneza mawu a malinyero, ndipo munthu amamvera amene anamuzolowera.

Ngati mumayenda pa chikuku koma mungathe kuima ndi kuyenda masitepe ochepa, chotsani khushoni, zopondapo ndi chikwama chakumbuyo musanafike pa nsanja, kuti chikukucho chipindike msanga. Chidzadutsa pachokha, inu panokha. Ngati simungathe kuima n'komwe, ndipo sitimayo ilibe makina okwezera, musalole kunyamulidwa ndi apaulendo anzanu ngakhale akupereka mtima wonse.

6. M'boti

Khalani pa mpando woyamba wopezeka pafupi ndi khomo, pansi, chapakati pa boti. Kutsogolo kumadumpha kwambiri, kumbuyo kumanunkha dizilo. Mipando yapamwamba yapanja ndi yokopa, koma masitepe ake ndi ngati makwerero. Pakakhala podzadza, pemphani, anthu amasuntha. Chikuku chikhale chomangidwa mabuleki. Ndodo igonekeni pansi pa mpando kuti isagwetse ena.

Ulendo umatha kukhala wa mphindi zisanu, kwina ngati ku Belize City pafupifupi 20. Mukamva nseru kapena chizungulire, yang'anani kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo, kapena phiri la kumtunda, mutu utatsamira. Osawerenga, osayang'ana foni.

Boti likamayandikira gombe anthu amayamba kuimirira. Inu khalani. Limagunda doko kamodzi kapena kawiri lisanamangidwe, ndipo kugunda kumeneko n'kumene kumagwetsa anthu. Dikirani zingwe zimangidwe, anthu atuluke, inu mutuluke omaliza. Ngati mumamwa mankhwala a BP, dzukani pang'onopang'ono, muime kaye mutagwira mpando mpaka maso ayere.

7. Kumtunda ndi pobwerera

Mukangotsika, funsani zinthu ziwiri: boti lomaliza linyamuka nthawi yanji, ndipo nthawiyo ndi ya sitima kapena ya dzikolo, chifukwa nthawi zina zimasiyana. Kenako dziikireni nokha nthawi yobwerera, maola awiri lomalizalo lisanafike. Maboti omaliza amadzadza, mzere umakhala wautali padzuwa, ndipo amalinyero amakhala akuthamangira kunyamuka.

Malo amene munatsikira m'mawa mukhoza kuwapeza atasintha. M'malo ambiri nyanja yamchere imadzadza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Ku Guernsey kusiyanako kumafika mamita 10. Njira yopita pa nsanja yoyandama, imene m'mawa inali yogona, madzi akaphwa imasanduka chitsetse chenicheni. Pa doko la simenti masitepe apansi amaonekera, obiriwira ndi ndere, oterera. Funsani ogwira ntchito pagombepo kuti madzi aphwa nthawi yanji.

Sungani mphamvu. Anthu amathera miyendo yonse m'misewu ya tauni, n'kuiwala kuti sitepe yovuta kwambiri idakali patsogolo. Pobwerera mumachoka pa chinthu chogwedezeka kupita pa chokhazikika, kawirikawiri mokwera, mutatopa, mphepo itakula. Khalani pansi mphindi khumi musanalowe pamzere, imwani madzi. Pa gombe nthawi zambiri pamakhala tenti ya sitima yokhala ndi mipando, ndiye auzeni kuti simungathe kuima nthawi yaitali.

Mukafika pa sitima, zonse zija zibwerezeni: khalani mpaka anthu atuluke, perekani ndodo, gwiranani pa mkono, dikirani boti likwere. Pano mwendo wamphamvu ndiwo utsogole. Mukaponda pa nsanja musaime pomwepo kuti mupume, yendani masitepe awiri kapena atatu kulowa mkati, mugwire chitsulo, kenako mulandire ndodo. Pansi pakhoza kumveka ngati pakuyendabe kwa kanthawi, choncho pezani mpando musanayambe masitepe okwera.

Tsiku loti musapite

Mawu omaliza ndi a kaputeni ndi wamkulu wa pa nsanja. Akhoza kuloleza ena onse n'kukaniza inu, ndipo akhoza kuimitsa maboti onse doko n'kulumphidwa. Zimapweteka, makamaka ngati dokolo ndilo munalipirira ulendo wonse. Koma kukangana nawo pa nsanja sikusintha kanthu. Chimene mungachite ndi kufunsa pogula ulendo wa kumtunda kuti ndalama zimabwezedwa bwanji ngati mwakanizidwa kukwera boti, ndipo ngati mwagula kwa kampani ya kumtunda, muwerenge zomwezo musanalipire.

Inunso muli ndi ufulu wokana ngakhale iwo atavomera. Ngati simunagone bwino, ngati chizungulire chadzuka nanu, ngati mwendo ukulemera kuposa masiku onse, kapena mwangoyang'ana maboti aja mtima n'kukana, bwererani. Mungathe kutero ngakhale mutafika kale pa khomo la boti, palibe amene adzakufunseni.

Pa ulendo wathu womaliza madoko a boti anali awiri. Loyamba tinapita, tinabwerako nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Lachiwiri mayi anaima pa chitsulo, nayang'ana maboti atatu akukocheza, khomo likutsika ndi kukwera, kenako anati, "Lero ayi." Ndinakabweza matikiti. Sitima inali zii, zikepe zopanda anthu, ndipo tinakhala mbali ya mthunzi tikuonera nyumba za m'phiri ndi maboti akupita n'kubwera mpaka madzulo. Doko la mawa lake linali lokocheza, ndipo anatsika pa mlatho okha, ndodo ili m'manja.